Mphini ya Adokotala

Amayi anga ali ndi mphini zitatu pachibwano, zoyambira m'munsi mwa mlomo kutsika mpaka kunsonga. Anawatema ali mtsikana, monga ankachitira makolo athu amene anachokera ku Mozambique, ndipo m'mabalamo anapakamo makala opera kuti mizereyo ide. Ndinene poyera, ine mphini zimenezi ndinkachita nazo manyazi. Ndili kusekondale ku Balaka, likakwana tsiku loti makolo adzatione, ndinkawauza kuti asavutike, ulendo ndi wautali, ngati kuti kuchoka pa Phalula kufika pa Balaka ndi ulendo wa ku Joni. Iwo ankangondiyang'ana, n'kutumiza achimwene anga.

Ntchito yawo ndi yootcha mondokwa m'mbali mwa msewu pa Phalula. Moto sakupiza ndi katoni ngati anzawo, amauzira ndi pakamwa, akuti katoni amamwaza phulusa pa chakudya cha anthu. Minibasi ikaima, mawu awo ndi amene amayamba kufika m'makutu mwa okwera. Chinthu china chimene sankasiyana nacho chinali fodya wopera. Ankamusunga m'kabotolo komanga pansonga ya chitenje, ndipo ankamuika m'kamwa cha kumanzere, pakati pa tsaya ndi nkhama, kuyambira ine ndisanabadwe.

Ine ndimakhala ku Liwonde, ndine telala. Chaka chimenecho anabwera kudzandiona, ndipo ndinawaphikira mlamba wowamba wa mu Shire. Amayi anga ndi munthu woti mlamba sasiya ngakhale mutu, koma tsiku limenelo anangonyambita msuzi. Nditawafunsa anati ndi dzino. Ndinawakakamiza kuyasamula, ndinaunika ndi foni, ndipo chimene ndinaona kumbuyo kwa nkhama sichinali dzino iyayi. Chinali chilonda cholimba m'mbali, chotuwa, ndipo anavomera kuti akhala akuchithira mchere kuyambira nthawi yokolola.

Kuchipatala cha boma anadulako kanyama, tinadikira, kenako anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene ndinamva dzina la matendawo, khansa ya m'kamwa. Ndinaimbira achimwene ndikulira. Iwo anati, "Usawauze. Munthu wamkulu ukamuuza zimenezo amafa ndi maganizo matenda asanamuphe." Ndi mmene timachitira kwathu, ndipo ine ndinavomera. Kwa amayi ndinangoti chilonda chakula, akufuna achichotse.

Anawagoneka Lolemba, opaleshoni anaiika Lachinayi. Adokotala ake anali bambo wamtali wochokera kudziko lina, wodekha, koma Chichewa chawo chinkathera pa moni. Tsiku limenelo anesi amene ankawatanthauzira anaitanidwa kwa wodwala wina, ndiye ine, ndi Chingerezi changa cha fomu folo, ndinati palibe vuto, nditanthauzira ndine.

Anafotokoza bwino ndithu, mlandu si wawo. Anati chotupacho chili kumbuyo kwambiri, ndipo amayi sakutha kuyasamula mokwanira, choncho kulowera pakamwa pokha sikungatheke. Njira zinatsala ziwiri. Yoyamba inali yong'amba mlomo wam'munsi pakati, kutsika pachibwano, n'kukhotera pansi pa nsagwada, kuti tsaya litseguke aone bwinobwino. Imeneyi imasiya chipsera pankhope. Yachiwiri inali yocheka pansi pa chibwano kuchokera kukhutu lina kukafika kukhutu linzake, n'kukweza khungu lonse m'mwamba. Nkhope imatsala yosakhudzidwa, koma mitsempha ya mlomo nthawi zambiri imaduka, moti mlomo umatha kuchita dzanzi moyo wonse. Anawonjezera kuti iwo akanakonda yoyambayo, koma mwini wake asankhe.

Ine zonsezi ndinamvapo chimodzi chokha, chipsera pankhope. Ndinayang'ana chibwano cha amayi, mumtima ndinati, pali kale mizere itatu, tiwonjezerepo wachinayi? Ndinatembenukira kwa iwo n'kunena kuti, "Akuti acheka pansi pamene anthu sadzaona." Amayi anati, "Chabwino." Kwa adokotala ndinati asankha yachiwiri. Anandiyang'ana pang'ono, chifukwa iwo analankhula nthawi yaitali ine n'kutanthauzira mawu asanu ndi limodzi, koma ndinaumitsa nkhope. Anatenga cholembera cha buluu, anawakweza amayi chibwano, n'kujambula mzere pakhosi kutisonyeza modzadutsa mpeni, kuchokera pansi pa khutu ili kukafika pansi pa khutu linalo.

Mmawa wa Lachiwiri ndinatuluka kukatsuka mbale kumpopi wa magadiyani. Pobwera ndinapeza bedi lili pululu, bulangete lapindidwa bwinobwino, jumbo yawo palibe. Ndinayang'ana kuchimbudzi, kukhonde, paliponse. Mayi wina wa bedi loyandikana, amene anali ndi bandeji kumaso, ndiye anandiitana. Anati amayi anabwereka kagalasi kake, anadziyang'ana pakhosi nthawi yaitali, kenako anamanga katundu. "Anati ndikuuzeni kuti iwo si mbuzi."

Ndinapita kukanena kwa anesi. Anesi aakulu a muwodimo sanandibisire. Anati amayi akapanda kupezeka pofika Lachitatu madzulo, malo awo apatsidwa kwa wina, chifukwa odikira ndi ambiri, ndipo chinthu chili m'kamwacho sichidikira munthu. Ndinathamangira kokwerera minibasi, slipasi imodzi ikuvuka m'njira. Ulendo wonse wodutsa pa Zalewa ndinkangowakalipira mumtima. Ndinakonza mawu ambiri, ena oti mwana sayenera kulankhula kwa kholo lake.

Ndinawapeza pamalo pawo pa Phalula, atagwada pambaula, akuuzira moto. Anandiuza pambuyo pake kuti kondakitala wina amene amagula mondokwa kwa iwo ndiye anawakweza, anawapatsa mpando wakutsogolo. Pakhosi anali atakwecha ndi mwala wosambira, koma mzere wa buluu uja unkaonekabe.

"Amayi, mwapenga kodi? Munthu n'kuthawa m'chipatala ngati wakuba?"

"Sindinathawe, ndinatsanzika kwa mnzanga wa bandeji uja. Tatenga mpando, ukutchinga makasitomala."

"Lachinayi ndi mkuja."

"Akazinge wina."

Pafupi ndi amayi pamakhala bambo wina wachikulire wachisilamu wogulitsa nyama ya mbuzi. Ndi amene amatizingira mbuzi ndi nkhuku tonse a pamenepo, Akhristu ndi Asilamu omwe, kuti pa ukwati kapena pa maliro aliyense adye momasuka. Amayi anawakodola. "Tabwerani, achimwene, mudzaone ntchito yanu." Anakweza chibwano. Bambo aja anapukuta manja, anawerama, anautsata mzerewo ndi maso kuchokera kukhutu kufika kukhutu, n'kugwedeza mutu ngati mmisiri amene waona ntchito ya mmisiri mnzake.

"Wallahi, amene analemba apayu ntchito amaidziwa," anatero. "Ine ndimadutsa pomwepa. Changotsala n'kuwalozetsa kuchibula, kumene timalozetsa mbuzi pozinga, basi."

Amayi ogulitsa tomato anagwa nako kuseka. Ine ndinafuna kukwiya koma zinandikanika, chifukwa nditauyang'ananso mzerewo ndinaona chimene amayi anaona pagalasi. Moyo wawo wonse akhala akuona mpeni ukudutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mbuzi imene inadzukapo. Ineyo, telala wodziwa kulemba choko pansalu, sindinaganizeko n'komwe.

Ndinawakokera kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo ndinaulula zonse. Ndinawauza dzina la matendawo. Ndinawauza kuti njira zinali ziwiri, ndipo ndinawabisira imodzi. Ndinkayembekeza kuti agwa pansi monga ananenera achimwene. Iwo anangolavula, n'kupukuta pakamwa.

"Za khansazo ndinadziwa kale. Wodi yonse ija ndi ya anthu a khansa, umayesa sitimacheza? Ndimangokusungira ulemu, ndinaona kuti ukuvutika nako kunama." Anandiloza ndi chala. "Koma zondisankhira pocheka ndiye wandilakwira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakamwapa ndi pako?"

"Iyayi, amayi."

"Unkaopa chiyani?"

"Chipsera."

Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira masiku a kusekondale aja. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Kenako anati abwerera, koma pa mfundo imodzi, yoti tikakalowa kwa adokotala ine ndikatseke pakamwa ngati ndine amene andichita opaleshoni. Anagulitsa kaye mondokwa amene anali pamoto, chifukwa akuti chimanga sichinalakwe kanthu, ndipo tinanyamuka mmawa wa Lachitatu.

Ulendo uno anatanthauzira ndi anesi, mayi wonenepa wansangala wa ku Machinga. Amayi atafotokoza chimene anathawira, anesiwo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anawafotokozera adokotala. Adokotala anagwira pakamwa. Anapepesa kwambiri, anati zaka zonse akhala akujambula mzere umenewu sanaganizepo za mbuzi. Kenako anayambiranso kufotokoza njira ziwiri zija, ndipo anesi anatanthauzira zonse, osasiyako ngakhale liwu limodzi, uku akundiponyera diso.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Funso lawo loyamba silinali la imfa kapena la ululu.

"Afunseni, mlomo ukachita dzanzi, moto ndidzauzira?"

Adokotala anati mwina movutikira, ndipo madzi kapena phala zikhoza kumatayikira osazimva.

"Nanga akang'amba mlomowu?"

Anati akasoka bwino mlomo umagwira ntchito, ngakhale mbali ya kumanzere ikhoza kuchita dzanzi pang'ono chifukwa cha pamene pali chotupacho. Anati iwonso adzaona bwino pochotsa, osasiyako kanthu. Koma chipsera chidzakhalapo, aliyense adzachiona.

Amayi anaseka koyamba chilowereni m'chipatalamo. Anagwira dzanja la adokotala, lomwe linali ndi cholembera chija, analikoka n'kuika nsonga yake pa mphini yapakati.

"Auzeni kuti msewu ulipo kale, asavutike kulambula wina. Apa anandicheka ndi lumo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, popanda mankhwala ogonetsa, azakhali anga atandipana mutu ndi mawondo. Sindinalire, chifukwa ukalira ankakuimba nyimbo. Ndiye iwowa akufuna andigoneke kaye, n'kumandiopseza ndi chipsera?"

Adokotala anavala magalasi, anayatsa tochi, anaiyang'ana mphiniyo nthawi yaitali. Anati inawongoka bwino, ili pakati penipeni, ndipo anafunsa ngati azakhaliwo anali ndi rula. Anati kawirikawiri amakonda kuzungulira chibwano kuti chipsera chibisale mumkwinya, koma pano atsata mzere umene aupeza, kenako akhotera pansi pa nsagwada ya kumanzere kuti achotsenso tizotupa ta m'khosi, tija timati mwanabere. Mbali imodzi yokha, osati khutu ndi khutu. Amayi anavomera ndi mutu. Anawonjezera pempho limodzi, loti akamaliza kucheka apakemo makala opera asanasoke, kuti mzerewo udzafanane ndi inzake. Anesi anatanthauzira misozi ili m'maso ndi kuseka. Adokotala anakana mwaulemu, anati m'chipinda chawo makala saloledwa.

Ine nthawi yonseyi ndinali pakona, pakamwa ndili tseke, monga tinapanganira.

Lachinayi anawatenga mmawa. Asanakwere pa kabedi kamatayala anamasula kabotolo ka fodya kuchitenje n'kundipatsa. "Ukataye kuchimbudzi. Ukwati wathu watha, wandidya mokwanira mwamuna ameneyu." Ndinakhala pabenchi panja ndi achimwene, amene anali atafika kuchokera ku Nkaya. Nditawauza kuti amayi ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, anangokanda m'mutu. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Anthu amene tinawapeza pabenchipo anaitanidwa onse, ife tili pomwepo. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kubwereza kawiri.

Cha m'ma fili koloko adokotala anatuluka, kansalu ka kukamwa kali pakhosi. Sanadikire anesi. Anatiyang'ana n'kunena m'Chichewa chawo chopindika chija, "Amayi ali bwino. Mbuzi ayi." Achimwene, munthu wamkulu wa ndevu zake, anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira. Ine ndinavina pakhonde la chipatala, anthu akundiona, ndipo sindinasamale.

Masiku otsatirawo sanali ophweka, ndisaname. Nkhope inatupa moti sindikanawazindikira pakanapanda mphini ziwiri za m'mbali zija. Anawachotsa mano anayi ndi kachigawo ka fupa, ankadyera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo analetsedwa kulankhula. Amayi anga kukhala chete sabata yathunthu, ndinkaona ngati dziko laima. Koma manja anali nawo. Ndikawafunditsa molakwika ankanditsina, ndikachedwa kumpopi ankandiloza ndi chala, wodi yonse n'kumaseka. Monga telala, ndinkayang'anitsitsa ulusi wa pamlomopo. Mzere wofiira wa mlomo anaulumikiza ndendende, mbali iyi ndi inayo osaphonyana ngakhale pang'ono. Ndinawauza anesi kuti bambo amenewa akadzatopa ndi chipatala abwere ku Liwonde, makina ndiwapatsa.

Tsiku limene anawalola kulankhula, tonse tinazungulira bedi kudikira mawu oyamba. Ndinkaganiza kuti athokoza Mulungu. Anandiyang'ana, mawu akutuluka mopotoka, n'kunena kuti, "Mbaula yanga munaisiya ndi ndani?"

Patapita masabata angapo tinabwerera kukamva zotsatira za nyama imene anachotsa. Adokotala anati m'mbali monse munali moyera, chotupacho chinatuluka chonse, koma azibwerabe kudzaonedwa pa masiku amene awalembera, osadumphitsa. Amayi anawatengera mondokwa khumi mujumbo. Anawauza kudzera mwa anesi kuti ntchito anagwira bwino, kungoti anaisiyira panjira. Chifukwa bala litapola, mphini yapakati ija inali itapita ndi mpeni. Panatsala kamzere kopyapyala kotuwa pakati pa mizere iwiri yakuda. Ine ndinkaona kuti n'zokongola, munthu sangadziwe n'komwe kuti panadutsa mpeni. Iwo ankadziyang'ana pagalasi n'kumadandaula kuti chibwano chawo chaguluka dzino.

Anakhala kwanga ku Liwonde miyezi itatu, akuphunzira kutafunira kumanja ndi kumwa tiyi osatayira. Tsiku lililonse ankayeserera kuuzira, poyamba kandulo, kenako mbaula yanga ya makala. Mpweya unkathawira kumanzere, iwo n'kumautukwana. Tsiku lina ndili pamakina ndinangomva akundiitana kuseri. Ndinapeza makala ali ngwee, iwo atakhala pambali manja ali m'chiuno. Anati mawa lake akupita kwawo.

Ndinawaperekeza. Tinafika pa Phalula mmawa, msika ukungoyamba. Amayi a tomato anaimba nthungululu, bambo ozinga mbuzi aja anabwera kudzaona pakhosi, n'kunena kuti kasitomala wawathawa. Amayi anayala chiguduli, anakonza mbaula, koma asanayatse moto anasankha khala limodzi laling'ono, analinola pamwala mpaka linasongoka, n'kundipatsa.

"Anesi aja anati pakapola ndikhoza kupaka pamwamba, palibe choopsa. Ine pagalasi dzanja limanjenjemera. Iwe suja umalemba mizere pansalu za anthu?"

Anakhala pachiguduli, anakweza chibwano, anatseka maso. Msika wonse unali kutiyang'ana, ndipo minibasi ya ku Balaka inali itangoima kumene. Ndinagwada. Ndinawagwira chibwano ndi dzanja lamanzere, chala changa chinagunda mphini ya m'mbali, ndipo ndinamva kuti ndi yotukuka pang'ono, yosalala. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo aka kanali koyamba kuzikhudza mphini za amayi anga. Ndinayambira pansi pa mlomo, ndinatsata msoko wa adokotala pang'onopang'ono mpaka kunsonga, ndinabwerezanso kuti ude bwino.

"Wawongola?"

"Ndawongola, amayi."

"Nanga ukuliranji? Tapatse machesi."

Anayatsa, anawerama, anauzira katatu, moto unagwira. Kondakitala uja amene anawathawitsa ku Blantyre anatsika m'minibasi akuthamanga, anawagwira dzanja, kenako anaima n'kuwayang'anitsitsa pachibwano. Nkhani ya pempho la amayi lija inali itamveka kale pa Phalula, ndiye anafunsa ngati adokotala aja anavomera za makala pamapeto pake.

"Iyayi, adokotala anangocheka," anatero amayi, akutembenuza mondokwa. "Wandilemba ndi mwana wangayu."